Mphasa ya masana imaba tulo ta usiku

"Gonani, musadzivute." Awa ndi mawu amene wodwala amalandira m'midzi ya kwa Champiti m'boma la Ntcheu, monganso kwina konse m'dziko muno. Amamuyalira mphasa pakhonde, phala kumubweretsera pomwepo, ndipo akati adzuke akaone mbuzi kukhola, ana amathamanga kukamubweza.

Ndi chikondi, palibe angatsutse. Koma kwa munthu wodwala khansa ya m'mapapo, chikondi choterechi chimadzamutembenukira usiku. Wagona tsiku lonse, nanga tulo tichokera kuti? Amangogubuduka, uku chifuwa, uku phuma, uku maganizo, mpaka tambala kulira. Kukacha amakhala wolefuka, achibale n'kumugonekanso. Miyendo imanka niphwa mphamvu, mwakuti ngakhale ulendo wakuchimbudzi umamuchititsa befu.

Madokotala akunja adaifufuza nkhaniyi. Ku Taiwan, kafukufuku amene adatuluka mu 2016 adatsata odwala khansa ya m'mapapo 111. Ena adauzidwa kuti aziyenda ndawala mphindi 40, katatu pa sabata, kwa masabata 12, pomwe ena adapitiriza kulandira chisamaliro cha nthawi zonse. Oyendawo ndi amene adayamba kugona bwino.

Ku Hong Kong nako adayesa odwala 226 amene matenda adali atawalowerera kale. Amene adachita masewero olimbitsa thupi kwa masabata 16 adapeza tulo tabwino kuposa anzawo, makamaka ochita tai chi, masewero a ku China oyendetsa manja ndi miyendo pang'onopang'ono.

Kwa Champiti sitingayembekeze mphunzitsi wa tai chi, koma njira yopita kudimba, kutchalitchi kapena kwa mnansi ilipo, ndipo n'njaulere. Kuyenda m'mawa, dzuwa likuwomba, kumathandiza thupi kusiyanitsa usana ndi usiku. Wofooka ayambe ndi mphindi zochepa, atagwira ndodo, wina ali pambali pake. Khasu ndi mtolo wa nkhuni ayi.

Kuyendaku sikuchiza khansa, komanso si kwa tsiku lililonse. Wodwala akatentha thupi, akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena akalavula magazi, aime ndipo apite kuchipatala. Ngati chikumulanda tulo ndi ululu, afunse za mofini wakumwa, amene amaperekedwa m'zipatala za boma kwa odwala matenda amgonagona.

Vuto lina nlakuti khansayi imafanana ndi TB: kutsokomola kosatha, kuwonda ndi magazi m'makhololo. Ena amamaliza miyezi 6 ya mankhwala a TB osasintha, kenako pakhomo n'kuyamba kulozana zala za ufiti. Munthu wotere, makamaka wosuta fodya, gogo amene adameza fumbi la m'migodi ya ku Joni nthawi ya Teba, kapena mayi amene wakalambira mu utsi wa kukhitchini, abwerere kuchipatala cha boma cha Ntcheu. Kumeneko angathe kumutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli chipatala chachikulu cha khansa.