Mkaidi Wopanda Loya Amafika Bwanji Kukhoti?

Munthu wa kwa Kuntumanji, kaya ndi msodzi wa matemba pa Chilwa kapena mlimi wa mpunga, akagwa m'manja mwa lamulo nthawi zambiri amakasungidwa ku imodzi mwa ndende za m'boma la Zomba: ndende yaikulu ya m'tauni, Mikuyu kapena Domasi. Abale ambiri amaganiza kuti chitseko cha ndende chikatsekedwa ndiye kuti cha khoti nachonso chatsekedwa. Sizili choncho. Njira ilipo ngakhale kwa wopanda loya, koma imayendera makalata ndi masiku oikika.

Kodi mkaidi ali ndi ufulu wosuma?

Inde. Malamulo oyendetsera dziko a 1994, m'ndime 41, amapatsa munthu aliyense ufulu wofika kukhoti ndi nkhani yake. Ndime 42 imatchula za womangidwa mwachindunji: angathe kutsutsa kumangidwa kwake pamaso pa khoti, yekha kapena kudzera mwa loya, ndipo wogwidwa ndi apolisi ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48. Kale sizinali chonchi. Mlakatuli Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu, popeza malamulo a nthawiyo ankalola boma kutsekera munthu popanda kumutengera kwa woweruza.

Madandaulo amene mkaidi amapita nawo

Madandaulowa ali m'magulu atatu, ndipo lililonse lili ndi njira yake. Loyamba ndi la amene ali pa rimandi: amapempha belo kapena kudandaula kuti wakhalitsa osazengedwa. Malamulo a kazengedwe ka milandu amati wa mlandu wa kukhoti la majisitireti asapitirire masiku 30 mlandu usanayambe, ndipo wa milandu ikuluikulu monga yakupha asapitirire masiku 90, pokhapokha khoti litawonjezera. Lachiwiri ndi apilo ya amene wagamulidwa kale. Lachitatu ndi kusumira boma, mwachitsanzo chifukwa chomenyedwa m'chitokosi kapena kusungidwa mosayenera, n'cholinga cholandira chipukuta misozi kapena kuti zinthu zisinthe.

Masiku a apilo

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Wogamulidwa ndi majisitireti ayenera kudziwitsa khoti mwa kalata, pasanathe masiku 10, kuti akufuna kuchita apilo, kenako n'kupereka chikalata cha zifukwa zake pasanathe masiku 30. Amene ali m'ndende amapereka makalatawa kwa mkulu wa ndendeyo kuti awatumize kukhoti. M'chikalatamo muyenera kukhala dzina lake, nambala ya mlandu, khoti lomwe lidagamula, tsiku la chigamulo, ndi pamene iye akuona kuti woweruza adalakwitsa. Kungolemba kuti “ndilibe mlandu, andikhululukire” sikufika patali. Kulemba kuti mboni idati idamuona usiku kulibe mwezi, koma khoti silidafunse kuti idamuzindikira bwanji, ndi chifukwa chimene jaji angachiunike. Amene adavomera yekha mlandu amangodandaula za kukula kwa chilango kapena ngati chilangocho chili chosemphana ndi lamulo. Wochedwa angapemphe khoti lalikulu kuti limumvebe, koma ayenera kufotokoza chomwe chidamuchedwetsa.

Kusumira boma

Mlandu wotere susumidwa mwadzidzidzi. Lamulo limafuna kuti wodandaula ayambe walembera mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, kumufotokozera dandaulo ndi zomwe akufuna, ndipo papite miyezi 3 asanakatule nkhaniyo kukhoti. Kukhoti lalikulu, lomwe lili ndi nthambi ku Zomba, malamulo a 2017 amafuna chisamani chokhala ndi tsatanetsatane wa nkhani, ndipo zopempha zambiri zimatsagana ndi chikalata cholumbira. Makalatawa amalembedwa m'Chingerezi, amalipiridwa, amadindidwa, ndipo mbali inayo iyenera kupatsidwa ake. Womasulira amathandiza pakamwa tsiku lozenga mlandu, koma salembera munthu makalata. N'chifukwa chake mlandu wamtunduwu umavuta kwambiri kuuyendetsa wekha uli m'ndende.

Kodi boma limapereka loya kwa aliyense?

Ayi. Ndime 42 imati boma lipereke loya ngati chilungamo chikufuna kutero, osati kwa aliyense wopempha. Ntchitoyi ili m'manja mwa Legal Aid Bureau, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, lidayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo lili ndi ofesi ku Zomba. Wopempha amadzaza fomu, ndipo bungweli limayang'ana zinthu ziwiri: ngati munthuyo alidi wosowa, komanso ngati nkhani yake ili ndi mutu. Kukula kwa chilango chomwe angalandire ndi kuvuta kwa mfundo za malamulo zimawerengedwanso, choncho oganiziridwa milandu yakupha ndi amene amakonda kukhala patsogolo. Wopezako pang'ono angauzidwe kuti asonkhepo kangachepe. Maloya a bungweli ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna thandizo, motero kudikira kumakhalapo, ndipo masiku a apilo saima chifukwa choti munthu akudikira loya.

Alangizi a zamalamulo m'ndende

Pakati pa mkaidi ndi loya pali alangizi omwe si maloya koma adaphunzira malamulo. Bungwe la PASI, lomwe ntchito yake idayamba mu 2000, limatumiza alangiziwa m'ndende kukaphunzitsa akaidi, nthawi zina kudzera m'masewero, momwe angapemphere belo ndi momwe angayankhulire pamaso pa woweruza. Amathandiza kudzaza mafomu, kulondola mafailo osowa ndi kufufuza abale oti akaimire munthu pa belo. Amathandizanso kukonza zoti majisitireti apite kundende komweko kukaunika nkhani za omwe akhalitsa pa rimandi.

Milandu iwiri imene idasintha zinthu

Gable Masangano, mkaidi yemwe adakhala kundende ya Chichiri kenako ku Domasi, adasumira boma m'malo mwa akaidi onse podandaula za kuthithikana ndi kuchepa kwa chakudya. Mu 2009 khoti lidagamula kuti kusunga anthu motero n'kuphwanya ufulu wawo, ndipo lidapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, khoti lidathetsa lamulo loti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azipatsidwa chilango cha imfa popanda kumva zomuchepetsera chilango. Milandu yonse iwiri idayendetsedwa ndi maloya, ndipo kuthithikana m'ndende sikunathe, koma zigamulozi ndi maziko omwe mkaidi wina aliyense angaimepo.

Zimene abale angachite

Inu amene muli kunja muli ndi miyendo imene mkaidi alibe. Popita kukamuona, musangonyamula ufa ndi nsomba zouma. Lembani nambala ya mlandu ndi tsiku la chigamulo, mukapemphe chikalata cha chigamulocho kwa kalaliki wa khoti, ndipo mukafike ku Legal Aid Bureau masiku 10 asanathe. Ngati dandaulo ndi la kasungidwe ka m'ndende, ofesi ya Ombudsman, bungwe la boma loona za ufulu wachibadwidwe ndi bungwe loyendera ndende amalandira madandaulo popanda kufuna loya.