Mazombwe: m'busa amene sanaope nkhani za malamulo

Wopita ku Chama kuchokera ku Chipata amadzera ku Lundazi, kenaka n'kutsetserekera kuchigwa cha Luangwa, kwa Asenga olima mpunga, kwa Mfumu Yaikulu Kambombo ndi mafumu anzake monga Tembwe ndi Chikwa. M'dzinja msewuwo umavuta kwabasi. Dera lonseli lili mu Dayosizi ya Chipata, imene Ambuye Medardo Mazombwe anaitsogolera kuyambira 1971 mpaka 1996, pamene anasamukira ku Lusaka kukakhala Arkiepiskopi.

Ambuye Mazombwe sanali loya. Koma anaona msanga kuti zimene zimasainidwa m'maofesi a ku Lusaka ndi ku Washington zimakathera pakhomo la mayi wa ku Chama amene mwana wake watentha thupi usiku. N'chifukwa chake analowa ndi mtima wonse m'gulu la Jubilee 2000, lopempha kuti ngongole za mayiko osauka zikhululukidwe. Nthawi imeneyo Zambia inali ndi ngongole ya pafupifupi madola 7 biliyoni, ndipo ndalama zoyenera kugulira mankhwala zinkapita kukabweza ngongoleyo. Mu 2005 mbali yaikulu inakhululukidwa. Chaka chotsatira boma la Levy Mwanawasa linathetsa ndalama zolipira m'zipatala za kumidzi, ndipo anthu a ku Chama anapuma nawo.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha 2001. Pulezidenti Frederick Chiluba atafuna kusintha malamulo oyendetsera dziko kuti aimenso kachitatu, maloya a Law Association of Zambia, mabungwe atatu aakulu a mipingo ndi amayi a bungwe la NGOCC anakhala pamodzi n'kupanga Oasis Forum. Ambuye Mazombwe anali m'gulu la okana. Maloya ankadziwa ndime za lamulo, koma amene akanafikitsa uthengawo kutchalitchi chofolera udzu kumudzi anali abusa ndi ansembe. Chiluba anagonja. Mu 2010 Papa Benedict XVI anakweza Ambuye Mazombwe kukhala Kadinala, woyamba wobadwira m'Zambia, ndipo Kadinalayo anamwalira mu 2013.

Chitsanzo cha Ambuye Mazombwe chikufunikabe ku Chama. Chama lero yabwerera m'chigawo cha kum'mawa, itakhala ku Muchinga kuyambira 2011 mpaka 2021. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF) nalo linakula kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo madera a aphungu a Chama North ndi Chama South lililonse limalandira lake. Lamulo la thumbali linasiya mpando wa woimira mipingo mu komiti yosankha ntchito zachitukuko. Mpando umenewo si wongotsegulira msonkhano ndi pemphero. Wokhalapo awerenge lamulolo, afunse kuti mjigo wakumbidwa m'mudzi uti, kontrakitala walipidwa zingati, ndipo chifukwa chiyani chipinda chophunziriramo chaima pa mawindo. Akatero akafotokozere akhristu Lamulungu, m'Chisenga chomveka.