Injini Ikazima Panjira ndi Kukana Kulira

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'miseu ya Zambia zinayamba zagwira nchito kwina, makamaka ku Japan, zisanafike kuno kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa cipata ca Nakonde. Inu amene munagula imodzi mwa izo simudziwa mmene mwini wake woyamba anali kuisamalira. Tsono tsiku lina, mwina muli m'zitunda za pakati pa Rufunsa ndi mlatho wa Luangwa, injini ingazime, ndipo mukapotoza kiyi ingakane kulira. Panthawi yotere ambiri amathamangira kugula zipangizo mongoganizira: lero mapulagi, mawa batire, mkuca pampu. Ndalama zimatha nthenda ikali momwemo. Cofunika ndi kufufuza mwadongosolo, pakuti injini imasonyeza yokha pamene pakupweteka.

Coyamba, kankhirani galimoto kumbali kwa mseu, ikani mwala ku tayala, ndi kuimika zizindikiro zofiira za ngondya zitatu kutsogolo ndi kumbuyo. Mukatero kumbukirani mmene yazimira. Imene inayamba ndi kutsamwa, kugwedezeka ndi kucepa mphamvu, kawirikawiri yasowa mafuta. Imene yangothima kamodzi ngati nyali, ganizirani za magetsi kapena lamba. Ngati singano yosonyeza kutentha inali pofiira, lekani kiyi, ndipo musatsegule civundikiro ca lediyeta ikali yotentha, cifukwa madzi ake amatumphuka ndi kuocha nkhope.

Tsopano potozani kiyi, mucherere khutu. Musapitirire masekondi 10, ndipo pumitsani sitata musanayesenso. Ngati kuli zii, kapena mukumva kugogoda kokha, yatsani nyali zakutsogolo muyesenso. Zikafooka, vuto liri ku batire kapena pa mitu yake, pamene pamamera dzimbiri loyera ngati ufa. Batire yodzaza imasonyeza mavoliti 12.6. Koma dziwani kuti batire payokha sizimitsa galimoto imene ikuyenda. Ngati yatheratu muli paulendo, wolakwa ndiye alternator, imene iyenera kupereka mavoliti pafupifupi 14 injini ikamalira. Mukagula batire yatsopano osakonza alternator, mudzaimanso patsogolo pang'ono.

Nthawi zambiri injini imazungulira bwino lomwe, koma osagwira. Apa ndiye pofunika kudekha. Injini ya petulo imafuna mafuta, mpweya ndi moto, zonse zikumane pa nthawi yake. Yambani ndi mafuta, ndipo musakhulupirire kwambiri geji ya galimoto yakale, imanama. M'galimoto zamakono pampu imakhala m'thanki. Mukapotoza kiyi mpaka nyali za kutsogolo kwa woyendetsa zitayaka, osaliza injini, m'galimoto zambiri pampuyo imang'ung'udza masekondi awiri kapena atatu. Wina aike khutu pa kamwa la thanki. Ngati sakumva kanthu, yang'anani fyuzi ya pampu musanaiweruze pampuyo, cifukwa fyuzi ndi ya ndalama zocepa. Dzifunseninso kumene munathira petulo komaliza. Wa m'zigubu za m'mphepete mwa mseu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala zimene zimatseka sefa.

Pulagi imodzi ingakuuzeni zambiri. Imasuleni muione kunsonga. Ikakhala youma pamene mwakhala mukuzunguza injini, mafuta sakufika. Ikakhala yonyowa ndi yonunkha petulo, mafuta alipo koma moto palibe, kapena petulo wacuruka mopitirira. Kuti muyese moto, bwezerani pulagiyo ku waya wake, muigoneke pa citsulo ca injini, mnzanu apotoze kiyi. Moto wabwino umathetheka mwamphamvu, wobiriwira. Musaigwire ndi dzanja, ndipo pasakhale petulo wotayika pafupi. Ngati moto ulipo ndipo pulagi yanyowa, pondani copondera ca mafuta mpaka pansi, osapopa, muzunguze injini kuti mpweya uumitse mkati.

Moto ukasowa, zaka za galimoto ndizo zimakuuzani koyang'ana. Pa zakale za m'ma 1970, monga Peugeot 504 ndi Datsun 120Y, munthu amatsegula distributor ndi kuona mapointi ngati apsa kapena atsekeka, ndipo kansasa kang'ono kamakonza zinthu pomwepo. Zamakono zilibe mapointi. M'malo mwake muli kompyuta, imene imadziwa nthawi yoperekera moto pouzidwa ndi sensa yoyang'ana kuzungulira kwa crankshaft. Sensa imeneyi ikakalamba iri ndi khalidwe lonyenga: ikatentha imaleka nchito, injini nkuzima, koma ikazizira galimoto imalira ngati sipanacitike kanthu. Ambiri amati yadzicira yokha, napitiriza ulendo. Sinacire ai. Kamakina kowerengera zolakwa, kamene amakanika amalumikiza kunsi kwa ciwongolero, kakaonetsa nambala P0335, ndiye kuti vuto liri pa sensayo kapena pa waya wake.

Palinso phokoso lina limene muyenera kuliopa. Injini ikamazungulira mofulumira ndi mopepuka koposa masiku onse, ngati mulibe kanthu mkati, mwina lamba wa timing waduka. Tsegulani pothirira oilo muyang'ane mkati pamene mnzanu akupotoza kiyi kamodzi kokha. Ngati zitsulo zapamwambazo sizikuyenda, lekani pomwepo. M'injini zina lamba akaduka mapisitoni amaomba mavavu ndi kuwapinda, ndipo kuyesayesa kumangoonjezera cionongeko. Opanga galimoto ambiri amati lambayu asinthidwe pa makilomita pafupifupi 100,000, koma pa galimoto yogula kwa wina ndi nzeru kumsintha mutangoigula, pokhapokha pali umboni wakuti anasinthidwa kale.

Inu a dizilo musavutike kufunafuna moto, pakuti dizilo amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Mdani wanu wamkuru ndi mpweya wolowa m'mapaipi, makamaka thanki ikauma. Pa injini zambiri zakale pali kapampu kamanja pamwamba pa sefa. Masulani pang'ono kasikuluu kotulutsira mpweya, mupope mpaka dizilo atuluke wopanda thovu, mumangenso, ndipo muyese kuliza.