Moto wootha m'nyumba: gasi nayenso amafuna zenera lotsegula

Ku Balaka anthu amadziwa dzuwa kuposa chisanu. Koma Juni ndi Julayi akafika usiku umazizira ndithu, ndipo kwa amene amakhala m'munsi mwa mapiri a Malosa ndi Chikala, chiperoni chikagwa masiku awiri kapena atatu bulangete limodzi silikwanira. Iyi ndiyo nthawi imene mbaula imalowa m'nyumba. Mayi akatha kuphika nsima yamadzulo, makala otsala amawamvera chisoni, ndiye amanyamula mbaula n'kukaiika kuchipinda kwa ana, n'kutseka chitseko ndi mazenera kuti mphepo isalowe.

Masiku ano kwabweranso zina. Mabanja ambiri a ku Machinga ndi ku Balaka ali ndi mwana kapena bambo ku Joni, ndipo m'katundu wobwera pa basi mumapezeka masitovu a gasi ndi mahita otenthetsera m'nyumba. Alipo mahita ena ooneka ngati zikuni zikuyaka, chonsecho zikunizo n'zoumba, ndipo moto wake umachokera m'silinda ya gasi. Amenewa anawapangira nyumba zokhala ndi malo osonkherapo moto pabalaza ndi chumuni pamwamba, monga nyumba zakale za boma ndi za pa mishoni. Poti gasi alibe utsi kapena phulusa, ambiri amaganiza kuti alibenso ngozi. Apa m'pamene pali msampha.

Moto uliwonse, kaya wa nkhuni, makala, palafini kapena gasi, umadya mpweya womwewo umene ife timapuma. Mpweyawo ukachepa m'chipinda chotseka, moto suyaka bwino ndipo umatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, ndiponso sutsokomoletsa munthu ngati utsi. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200, kotero magazi amayenda m'thupi koma ubongo ndi mtima zili ndi njala ya mpweya. Munthu amene ali maso amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka kwa miyendo. Wogona samva kanthu, tulo timangomupitirira. Makanda, okalamba, odwala mtima ndi amayi oyembekezera ndiwo amagwa msanga, ndipo mwana wosabadwa amavulala ngakhale mayi ake akungomva kamutu chabe.

Makala ofiira opanda utsi, amene timati apsa bwino, amatulutsabe mpweyawu kwambiri. Choncho mbaula isagone m'nyumba, ngakhale makala atatsala atatu okha. Ngati mukufuna kuti chipinda cha ana chifunde, tenthetsani njerwa, muikulunge m'chitenje chakale n'kuiika kumapazi, koma mbaulayo izimire panja.

Tsopano za hita ya gasi. Musanagule silinda, onani kaye kuti hitayo anaipangira gasi wamtundu wanji. M'madera ena a Johannesburg gasi amafika m'nyumba kudzera m'mapaipi a kampani ya Egoli Gas, ndipo ndi wosiyana ndi wa m'masilinda amene tili naye kuno, wotchedwa LPG. Chipangizo chopangira gasi wa m'mapaipi mukachilumikiza ku silinda chimayaka moto waukulu wachikasu, wamwaye ndi wapoizoni. Pambali kapena kumbuyo kwa chipangizo pamakhala kachitsulo kolembedwa mtundu wa gasi. Ngati palibe zilembo za LPG, musachiyatse mpaka mmisiri wodziwa za gasi atachiona.

Ku South Africa komweko lamulo limafuna kuti gasi womangirira m'nyumba alumikizidwe ndi mmisiri wovomerezeka, amene amapereka chikalata ntchito ikatha. Kuno kwathu malonda a gasi amayang'aniridwa ndi bungwe la MERA, lomwe limapereka ziphaso kwa ogulitsa. Gulani ndi kudzazitsa silinda kwa amene ali ndi chiphaso, ndipo muwafunse omwewo kuti akulozereni mmisiri. Mnyamata wa pamsika wodziwa kuwotcherera zitseko akhoza kukhala waluso pa ntchito yake, koma gasi ndi ntchito ina. Ndalama imene mungapulumutse pomutuma iye ndi yochepa kwambiri.

Ngati nyumba ili ndi chumuni, wina akwere akachione hita isanaikidwe. Chumuni chimene chakhala zaka osasonkhapo moto chimadzaza mwaye, zisa za mbalame, nthawi zina njuchi, ndipo eni nyumba ena anachitseka ndi lata kapena simenti poopa mvula. Yatsani kapepala pansi pake: utsi ukakwera, njira ilipo, ukabwerera m'nyumba, chumunicho n'chotseka. Hita yopangira pachumuni imafuna chumuni chotsegula nthawi yonse imene ikuyaka. Pamalo pomwepo musaponyepo nkhuni, mapepala kapena zinyalala, ndipo silinda isakhale m'kati mwa malo a motowo. Malo ake abwino ndi panja, pamthunzi, itaimirira, paipi yachitsulo n'kudutsa pakhoma.

Hita yamatayala, imene imanyamula silinda yake kumbuyo, ilibe chumuni n'komwe, ndiye zonse zimene yawotcha zimatsala m'chipinda. Imeneyi ndi ya pabalaza, anthu ali maso, zenera lili pang'ono lotsegula. Kuchipinda chogona ndi kubafa isalowe. Ikhale mita imodzi kapena kuposerapo kuchoka ku makatani, mipando ndi neti ya udzudzu, ndipo musayanikepo matewera kapena yunifolomu ya mwana, ngakhale mawa kuli sukulu ndipo malaya sanaume. Mahita ambiri ali ndi kachipangizo kozimitsa moto mpweya ukachepa. Hita ikamazima yokha, ikukuuzani kuti mutsegule zenera. Musalole wina kuchotsa kachipangizoko ati pofuna kuikonza.

Zolumikizira n'zitatu: regyuleta yokhala pakamwa pa silinda, paipi yalabala yopangira gasi, ndi timalamba tachitsulo tomangira paipiyo mbali zonse ziwiri. Paipi yothirira dimba, waya ndi mphira wa chubu cha njinga si za pano. Mukalumikiza, sungunulani sopo m'madzi, mutsegule gasi osayatsa moto, ndipo mupake thovulo polumikizira ponse. Pakatuluka timabaluni, gasi akudontha. Tsekani, mangani bwino, yesaninso. Chitani chimodzimodzi nthawi iliyonse mwasintha silinda, ndipo paipi ikayamba ming'alu kapena makoswe akaidya, gulani ina. Kufufuza ndi machesi kwapsetsa anthu nkhope. Moto wabwino pa sitovu ndi wabuluu. Ukamayaka wachikasu n'kumadetsa mapoto, sitovuyo ikufunika kuyeretsa kapena kukonza.

Gasi wa m'silinda payekha alibe fungo. Opanga amathiramo dala mankhwala onunkha ngati mazira owola kuti mphuno itichenjeze. Komanso ndi wolemera kuposa mpweya, kotero akadontha amatsika n'kuyala pansi, pomwe pagona ana pamphasa. Mukamva fungolo tsekani silinda, tsegulani zitseko, tulutsani aliyense. Musayatse kandulo, ndipo musakhudze swichi ya magetsi, kaya kuyatsa kapena kuzimitsa, chifukwa kamoto kake n'kokwanira kuphulitsa chipinda.

Chovuta china n'choti poizoni wa carbon monoxide amafanana ndi malungo, ndipo kuno mutu ndi kusanza timathamangira kunena kuti ndi malungo. Chizindikiro chosiyanitsa ndi ichi: anthu angapo a m'nyumba imodzi adwala nthawi imodzi, thupi silikutentha, ndipo akatuluka panja akupezako bwino. Zikatero tsegulani paliponse, atulutseni onse, wokomoka mumugoneke chammbali. Musamuthire mkaka, madzi kapena phala m'kamwa, chifukwa zikhoza kulowa m'mapapo. Mankhwala ake ndi okosijeni, ndiye pezani galimoto kapena njinga yamoto msanga, mupite kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, ngakhale wodwalayo atatsitsimuka panjira. Mukafika, auzeni achipatala poyamba pomwe kuti m'nyumba munali mbaula kapena hita yoyaka, komanso kuti ndi anthu angati anagona m'chipindamo.