Kukweza pikapu yakale pa mtengo wotsika: njira zake ndi malire ake

EKURHULENI – M'matauni a Boksburg, Benoni, Germiston ndi Kempton Park, amene mu 2000 anaphatikizidwa ndi ena kukhala mzinda wa Ekurhuleni kum'mawa kwa Johannesburg, galimoto zakale za pikapu sizisowa ogula. Pakati pa ogulawo pali anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ogwira ntchito m'dziko la South Africa, amene amafuna galimoto yoti ikafike nawo kumudzi ngakhale m'nyengo ya dzinja.

Ambiri akagula amafuna kuikweza kuti isamagunde pansi m'misewu ya miyala ndi matope. Zipangizo zathunthu za makampani monga Old Man Emu ndi Ironman 4x4 zimagwira bwino ntchitoyi, koma mtengo wake ndi wolemera kwa munthu amene wathera ndalama pa galimotoyo. Njira zotchipa zilipo, ndipo zina mwa izo nzabwino, malinga mwini galimoto asapitirire mamilimita pafupifupi 50. Kupyola pamenepo, ndalama zimene wapulumutsa zimathera ku garaja, ndipo chiopsezo cha ngozi chimakula.

Kudziwa galimoto yake

Njira yoyenera imadalira mmene galimotoyo inapangidwira kutsogolo. Ma Toyota Hilux a 4x4 amene ankagulitsidwa ku South Africa chisanafike chaka cha 1998 ali ndi ekiselo yathunthu yokhala pa masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ma Hilux a pakati pa 1998 ndi 2005, pamodzi ndi ma Isuzu KB, Nissan Hardbody ndi Mitsubishi Colt a nthawi imeneyo, kutsogolo amadalira ndodo yachitsulo yopotoka yotchedwa torsion bar. Kuyambira mu 2005 Hilux inayamba kubwera ndi masipuling'i opiringizika kutsogolo.

Galimoto ya zaka 20 kapena kuposerapo nthawi zambiri imakhala itatsika kale chifukwa masipuling'i ake anatopa ndi katundu. Motero chinthu choyamba ndi kuibwezera msinkhu wake wa ku fakitale. Makampani okonza masipuling'i amatha kupindanso zitsulozo ndi kuziumitsa pa moto, kapena kusintha zothyoka. Kawirikawiri zimenezi zokha zimakwanira.

Njira zotchipa

Pa galimoto ya torsion bar, makaniko amamanga bawuti yosinthira msinkhu ndipo kutsogolo kumakwera popanda kugula chilichonse. Koma tayala limatsala ndi mpata wochepa wotsikira m'dzenje, galimoto imayamba kugwedeza okwera, ndipo mfundo za ekiselo zotchedwa CV joint zimagwira ntchito zitapindika kwambiri, zomwe zimazithetsa msanga. Kukweza pang'ono, monga mamilimita 25 kapena 30, ndi kumene kumapiririka, ndipo matayala ayenera kuwongoledwanso pa makina ntchitoyo ikangotha.

Kumbuyo, njira yodalirika ndi kuwonjezera chitsulo chimodzi pa sipuling'i iliyonse. Galimoto imakwera ndipo sikhala pansi msanga ikasenza, ngakhale imauma ikakhala yopanda katundu. Ena amaika zolumikizira zazitali zotchedwa shackle kumapeto kwa sipuling'i. Popeza zimakweza mbali imodzi yokha ya sipuling'iyo, shackle yotalika ndi mamilimita 50 imakweza galimoto ndi mamilimita pafupifupi 25 okha.

Palinso zitsulo zoika pakati pa ekiselo ndi sipuling'i. Izi zimafuna mabawuti atsopano ogwirira ekiselo, ndipo siziyenera kuikidwa kutsogolo, chifukwa zikasuntha pogwira buleki, chiwongolero sichimvanso dalaivala.

Njira ina ndi kukweza bodi yokha poika zotchingira pakati pa bodi ndi chasisi. Imapereka malo a matayala akuluakulu, koma chasisi chimakhala pomwe chinali, ndipo ndodo ya chiwongolero, mapaipi a buleki ndi giya zimafunika kuonedwanso.

Chimene chimagunda mwala

Mfundo imene ogula ambiri amaiphonya ndi yakuti njira zonsezi sizikweza difu ya kumbuyo, pamene difuyo ndiyo imakhala pafupi kwambiri ndi nthaka. Chimene chimaikweza ndi tayala lokha, ndipo imakwera ndi theka la kusiyana kwa matayalawo. Munthu akachotsa matayala a mainchesi 29 n'kuika a mainchesi 31, difu imakwera ndi inchi imodzi, yomwe ndi mamilimita 25.

Matayala akuluakulu nawonso ali ndi mtengo wake. Pa chitsanzo chomwechi, chida choyezera liwiro chikamaonetsa makilomita 100 pa ola, galimoto imakhala ikuthamanga pafupifupi 107. Injini imavutika pa zitunda, mafuta amatha msanga, ndipo buleki imafuna mtunda wotalikirapo.

Katundu ndi chitetezo

Kukweza galimoto sikuwonjezera katundu amene ingasenze. Malire a kulemera amene kampani inalemba pa kachitsulo ka galimotoyo amakhala omwewo, popeza ekiselo, mabuleki ndi chasisi sizinasinthe. Izi nzofunika kwa amene amayenda ulendo wa ku Malawi kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza atasanja katundu mpaka padenga. Galimoto yokwezedwa imene yasenza katundu m'mwamba sichedwa kugubuduka pokhota, makamaka m'misewu yonga ya Gorodi, yokwera kuchokera pa Chitimba kupita ku Livingstonia.

Ma pikapu ambiri akale ali ndi valavu imene imachepetsa mphamvu ya buleki ya kumbuyo pamene galimoto ilibe katundu. Valavuyi imayeza mpata wa pakati pa ekiselo ndi chasisi, choncho kumbuyo kukakwezedwa imaona ngati galimoto ndi yopepuka ngakhale itadzaza. Iyenera kusinthidwa pamodzi ndi ntchito yokwezayo. Mashokobu afupiafupi, mapaipi a buleki okokeka ndi nyali zoloza m'mwamba ziyeneranso kukonzedwa.

Malamulo

Lamulo la pamsewu la South Africa la mu 1996, National Road Traffic Act, limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale yoyenera kuyenda, ndipo galimoto yakale imapimidwa ikamasintha mwini. Ku Malawi galimoto imapimidwa kuti ilandire chiphaso cha COF. Chiwongolero, mabuleki ndi masipuling'i zili m'gulu la zinthu zimene opima amayang'ana. Kampani ya inshulansi iyeneranso kuuzidwa za kusintha kulikonse, chifukwa ikhoza kukana kulipira ngozi itachitika.

Kwa mwini galimoto wa ndalama zochepa, ndondomeko yanzeru ndi kuyamba ndi masipuling'i ndi mashokobu otopa, kenaka matayala olimba okulirapo pang'ono, ndipo pomaliza, ngati kukufunikabe, kukweza pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo mofanana. Ndalama zotsala zingagwire ntchito yaikulu zitagula chitsulo chotchinga kunsi kwa injini, pampu ya matayala ndi tayala lachiwiri lapadera.