Ng'ombe Ikakana Goli, Si Mwano Ayi

Anzanga, kuno kwa Zulu ngolo ndiye galimoto yathu. Mtedza, soya ndi chimanga zimapita kumsika wa Kamwendo pa ngolo, ndipo ambirife fizi yathu imachokera momwemo. Koma ng'ombe sibadwa ikudziwa goli. Imaphunzitsidwa ikafika zaka 2 kapena 3, ndipo apa m'pamene ena amaiwononga ndi chikwapu.

Ine ndimathandiza amalume kuphunzitsa ng'ombe Loweruka ndi pa holide. Ng'ombe ikagona pansi, ikamabwerera m'mbuyo kapena kupukusa mutu, amalume samenya. Amayamba afunsa kuti, "Chavuta n'chiyani?" Zifukwa zimakhala zitatu.

Choyamba ndi mantha. Maso a ng'ombe ali m'mbali mwa mutu, ndiye imaona malo ambiri koma kumbuyo kwenikweni siona. Munthu akaidzidzimutsa chakumbuyo uku akukuwa, imaganiza zothawa basi. Muziyandikira cham'mbali, mukuitchula dzina lake motsitsa mawu.

Chachiwiri ndi ululu. Goli losapala bwino kapena zikeyi zothina zimasupula khosi. Inuyo mungasenze mtolo pamutu pali chilonda? Yang'anani khosi, ziboda ndi nkhupakupa musanamange. Njala, ludzu ndi dzuwa la mu Okutobala nazo zimafoola, n'chifukwa chake timaphunzitsa m'mamawa, kwa kanthawi kochepa.

Chachitatu, ng'ombeyo sinamve chomwe mukufuna. Apa pali chinsinsi: mukakoka chingwe, iyo n'kuponda kutsogolo ngakhale kamodzi, lekererani chingwecho nthawi yomweyo. Kulekererako ndiye kuiuza kuti "wakhoza". Mukamangokoka osaleka, imaona kuti kuyenda ndi kukana n'chimodzimodzi, ndiye imalimbana nanu. Ophunzitsa akavalo kumayiko ena amatsata njira yomweyi, munthu ali pansi, asanakwere pamsana.

Ndondomeko yathu ndi iyi. Poyamba ng'ombe izolowere chingwe ndi kugwiridwa. Kenako timaimanga goli limodzi ndi inzake yakale yodziwa ntchito, n'kumayenda chabe popanda katundu. Ikazolowera, ziwirizo zimakoka chipika, kenako ngolo yopanda kanthu, pomaliza katundu. Ikakana pa sitepe ina, timabwerera pa sitepe ya m'mbuyo yomwe inakhoza. Mawu olamula asamasinthesinthe, lero awa mawa ena.

Ng'ombe yophunzitsidwa ndi ndodo imatha kukoka ndithu, koma imakhala yamantha. Tsiku lina lole ikadzaliza hutala pamsewu wa ku Mchinji Boma, idzathamangira mu dzenje ndi ngolo yonse. Mapeto ake mwini amaigulitsa motchipa kwa opha nyama, banja n'kubwerera kosenza matumba pamutu.

Ndiye holide ino mukaona mng'ono wanu wanyamula chikwapu, muuzeni ayambe wayang'ana khosi la ng'ombeyo. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2