Bwalo la mapave ngati la ku Quelimane: kodi lingakhale pa dothi la ku Majaua?

MAJAUA, Milange — Munthu wa kuno akapita ku Quelimane koyamba amabwerako ndi nkhani ziwiri. Yoyamba ndi ya njinga zonyamula anthu zimene zili ponseponse mumzindawo. Yachiwiri ndi ya kuseri kwa nyumba zina za kumeneko. Pamalo paja Apwitikizi amati quintal, ife timati kintale kapena bwalo, eni nyumba adayalapo timabuloko ta simenti tolumikizana bwino. Makoma ndi opaka njereza, zitseko ndi zobiriwira ngati madzi a m'nyanja, ndipo pamwamba pali mthunzi wa mitengo ya kokonati. Mvula ikagwa, mayi amachoka kukhitchini kukafika kunyumba yaikulu phazi lili loyera.

Timabuloko timeneti pa Chipwitikizi ndi pavê, ndipo amisiri athu amangoti mapave. Amene adaona bwalo lotere amalisirira, ndipo n'zosadabwitsa. Funso ndi lakuti: kodi chimene chikukhala bwino m'mphepete mwa nyanja, mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Milange, chingakhale bwinonso kuno kumapiri? Yankho ndi lakuti inde, koma pokhapokha mutayamba mwaganizira za madzi, kukongola kubwere pambuyo.

Dothi lathu ndi lina

Ku Quelimane ndi ku gombe la Zalala dziko ndi lathyathyathya, ndipo malo ambiri a kufupi ndi gombe ndi amchenga. Mchenga umamwa madzi. Kuno dothi lambiri ndi katondo, ndipo nyumba zambiri zili pamalo otsetsereka. Katondo akanyowa amafewa ndi kuterera, madzi amayenda pamwamba pake kufuna kotsika. Ngati kotsikako ndi kukhoma la nyumba yanu, madzi amakhala patsinde pa khoma n'kumadya zidina pang'onopang'ono mpaka khoma kugwa.

Anthu a kuno sachita kuuzidwa za mphamvu ya madzi. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo udadula msewu pa mlatho wa ku Mocuba, ndipo madzi a Ruo adaononga makina opangira magetsi a kuno ku Majaua. Pa 11 Malichi 2023 namondwe Freddy adalowera kufupi ndi Quelimane, mvula yake idagwa masiku angapo osaleka kuno ndi kutsidya ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, nyumba zambiri zidagwa. Bwalo la mapave silingaimitse namondwe wotere. Koma mvula ya chaka ndi chaka, imene imagwetsa makoma mwakachetechete, bwalo loyalidwa bwino limaitha, chifukwa limatenga madzi ochokera padenga n'kuwapititsa kutali ndi maziko. Loyalidwa molakwika limachita zosiyana: limasonkhanitsa madzi a bwalo lonse n'kuwathira pakhoma. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Ntchito yanu ndi kuwapangira khwawa kumene inu mukufuna.

Phindu lina liliponso. Chimanga, nandolo, mtedza ndi makaka zoyanikidwa pa mkeka pamwamba pa mapave zimauma msanga kusiyana ndi zapadothi, ndipo chinyezi cha pansi, chimene chimabweretsa chuku, sichizifikira. Matekenya amaswana m'fumbi louma, ndipo udzudzu wa malungo umaswana m'zithaphwi. Bwalo lopanda fumbi ndi zithaphwi limachepetsa zonse ziwiri pakhomo.

Chifukwa chiyani mapave, osangothira simenti?

Wina angafunse kuti bwanji osangothira simenti bwalo lonse kamodzi. Simenti yothira pamodzi imafuna ndalama zonse tsiku limodzi, ndipo dothi la pansi likasuntha imang'aluka, osakonzekanso bwino. Mapave adayamba kugwiritsidwa ntchito kwambiri ku Holanda itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'zaka za m'ma 1950, pamene njerwa zoyalira misewu zidasowa. Dziko limenelo ndi lofewa, misewu imatitimira. Ubwino wa mapave ndi wakuti pakatitimira mumazula ochepa a pamalopo, kuthira mchenga, n'kubwezeretsa omwewo. N'chifukwa chake mumawaona m'misewu ina ya Quelimane ndi Beira.

Kwa mlimi ubwino wina ndi uwu: mutha kugula thumba limodzi la simenti mutagulitsa nandolo, kuumba mapave, n'kuwasunga. Mukapezanso ndalama muumba ena. Bwalo limakula malinga ndi thumba lanu.

Masamu ake

Pave wamba ndi wa masentimita 20 m'litali, 10 m'lifupi ndi 6 kuchindikala. Pamalo oyenda anthu ndi njinga 6 ndi wokwanira. Podutsa galimoto pamafunika 8. Malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi amalowa mapave 50. Choncho bwalo la mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi lifuna mapave 600. Onjezani ena 30 olowa m'malo mwa osweka.

Kasakanizidwe kabwino ndi chidebe chimodzi cha simenti, ziwiri za mchenga ndi zitatu za miyala yophwanyaphwanya ing'onoing'ono, ija amati brita. Chidebe choyezera chikhale chimodzi chomwecho. Mukatero thumba la makilogalamu 50 litulutsa mapave 100 kapena kupitirira pang'ono. Bwalo lathu lija lidya matumba 6, ndi lina limodzi lomangira m'mphepete. Mmisiri akakulonjezani mapave 200 pa thumba limodzi, dziwani kuti wachulukitsa mchenga, ndipo mapave akewo adzafumbutuka mvula ziwiri zisanathe.

Pogula simenti, kaya ndi ya ku Dondo, ya ku Nacala kapena yoolokera ku Muloza, gwirani thumba ndi manja. Ngati muli zibuma zolimba zosaphwanyika ndi chala, simentiyo idalowa chinyezi, isiyeni. Kunyumba iikeni pa matabwa, osati pansi kapena kutsamira khoma.

Pa nkhani ya mchenga ife tili ndi mwayi kuposa a kunyanja. Mchenga wa kugombe uli ndi mchere, amisiri a kumeneko amayenda mtunda kufuna wa mumtsinje. Ife tili nawo pafupi. Koma uyeseni. Thirani mchenga m'botolo mpaka masentimita 10, onjezani madzi, khutchumulani, n'kusiya maola angapo. Matope adzakhala pamwamba pa mchenga. Akapitirira theka la sentimita, mchengawo utsukidwe kaye. Tengani mchenga wa pakati pa khwawa louma, ndipo dziwitsani a mfumu. Kukumba m'gombe la mtsinje kumagumula minda ya anzanu mvula ikabwera.

Kuumba

Chikombole ndi cha matabwa, ngati cha njerwa, koma chokhala ndi zipinda zingapo. Pakani mafuta akutha a injini m'kati mwake kuti simenti isamatirire. Madzi osakanizira achepe. Mukafumbata m'dzanja, chosakanizacho chigwirane koma chisadonthe. Madzi ochuluka amapeputsa ntchito lero, koma amafooketsa pave. Thirani m'chikombole, tsenderani ndi chipika, gogodani m'mbali kuti mpweya utuluke. Pamwamba musasalaze kwambiri. Dutsitsanipo tsache pang'ono kuti pakhale pokhakhala, popeza nthawi ya dzinja pamalo a mthunzi pamamera ndere, ndipo agogo akaterereka pa simenti yosalala ndi nkhani ya kuchipatala.

Umbirani pamthunzi. Simenti si njerwa yadothi imene imafuna dzuwa. Imalimba ndi madzi. Mapave akatuluka m'chikombole afunditseni masaka kapena udzu, ndi kuwathirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Mphamvu yake yokwanira imafika pa masiku 28, choncho musathamangire kuyala. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ndi yabwino, kunja kuli kozizira ndipo zokolola zili m'nkhokwe. Valani magolovesi kapena mapepala apulasitiki m'manja chifukwa simenti yaiwisi imadya khungu, ndipo ana asasewere nayo.

Chapansi ndicho chenicheni

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amayala mapave okongola pamwamba pa dothi lofewa, pofika Febuluwale bwalo lili mabampu okhaokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kumbani masentimita 20, chotsani dothi lonse lakuda ndi mizu. Sinjani pansi ndi chipika cholemera mpaka phazi lisasiye chizindikiro. Thirani miyala yophwanya kapena dothi lamiyala lija amathira m'misewu, masentimita 10. Thirani theka, wazani madzi, sinjani, kenaka theka linalo. Pamwamba pake yalani mchenga masentimita 3, n'kuusalaza ndi thabwa loongoka. Mchenga umenewu musaupondenso.

Tsono kutsetsereka. Bwalo litsike masentimita 2 pa mita iliyonse kuchokera kukhoma kupita kunja. Ngati kuchokera kukhoma kukafika kumapeto ndi mamita 4, kumapetoko kutsike masentimita 8. Khomani zikhomo, mangani chingwe, yezani ndi kapaipi koonekera m'kati kothira madzi monga achitira amisiri omanga. Pamwamba pa mapave pakhale pansi pa chiundo cha khomo ndi masentimita 15, kuti madzi asalowe m'nyumba. Kumunsi kumbani ngalande yopita kudimba kapena padzenje la nthochi. Isaloze kwa mnansi wanu, kapena kuchimbudzi, kapena kuchitsime.

M'mphepete monse muzike mapave choimika ndi kuwagwiritsa ndi simenti. Popanda mpanda umenewu mapave amayenda, mipata imakula. Poyala, yambirani pangodya, gundanitsani mapave, gogodani ndi nyundo kudzera pa thabwa. Mukatha, wazani mchenga wouma wosefa n'kuusesera m'mipata mpaka idzaze. Mipatayi simuthiramo simenti ayi. Mvula yoyamba ikapita, onjezani mchenga wina.

Maonekedwe a kunyanja

Madzi tathana nawo, tsopano tikambe zokongoletsa. Maonekedwe a kunyanja ali ndi zinthu zitatu: mtundu woyera, mthunzi ndi mphepo yodutsa.

Kayalidwe kolimba kuposa konse ndi kaja Apwitikizi amakafanizira ndi minga ya nsomba. Kwa ife n'kosavuta kumva: yang'anani kalukidwe ka lichero, mizere yopingasana mokhotakhota. Mapave oyalidwa chotero amakolana, sasuntha msanga. Kena ndi kuyala awiriawiri, awa chopingasa, awa chotalika, ngati dengu.

Amene adafika ku Maputo adaona m'mbali mwa misewu ina miyala yoyera ndi yakuda yopanga maluwa. Luso limeneli lidachokera ku Lisboa, kumene bwalo la Rossio lidayalidwa ngati mafunde a nyanja mu 1848 ndi 1849, ndipo mafunde omwewo ali pagombe la Copacabana ku Brasil. Inunso mutha kupanga mzere wa mafunde kapena mkombero. Sakanizani ufa wakuda kapena wofiira wa okisaidi, wogulitsidwa m'masitolo a zomangira, m'mapave ochepa chabe. Simenti yoyera ndi yodula. M'malo mwake tolani nsangalabwi zing'onozing'ono zoyera kumtsinje n'kuzitsendera pamwamba pa pave akadali wamuwisi, monga a kunyanja amachitira ndi zigoba za nkhono. Khoma loyang'ana pabwalo lipakeni njereza, chitseko ndi mazenera utoto wa buluu.

Ku Ilha de Moçambique, chilumba chimene bungwe la UNESCO lidachiika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 1991, mbali ina ya mzinda imatchedwa Macuti chifukwa cha madenga a masamba a kokonati. Kokonati amakonda kotentha kwa m'mphepete mwa nyanja, ndipo ngakhale kumeneko matenda osandutsa masamba achikasu adapha mitengo yambiri ya m'Zambézia. Musavutike naye. Chisakasa cha nsungwi chofolera udzu chimapereka mthunzi womwewo. M'mbali musatseke, mphepo izidutsa. Mizati muiotche kunsi kapena kuipaka mafuta akutha chifukwa cha chiswe. Bzalani magalagadeya kapena shushu kuti ziyange pamwamba, mudzadya zipatso mutakhala pamthunzi. Mapapaya ndi abwino m'mphepete. Mango, bulugamu ndi kachere zikhale kutali, chifukwa mizu yake imatukula mapave ndi kung'amba maziko.

Funsani amayi musanayale

Bwalo la kuseri ndi la amayi, ndiwo amadziwa pamene pamakhala chiyani. Mtondo sufuna simenti. Munsi ukamagunda tsiku ndi tsiku mapave a pansi pake amasweka, choncho siyani kadanga kadothi posinjira. Moto nawo umang'alula simenti. Pamafuwa pakhale dothi kapena njerwa zootcha. Potsukira mbale pakhale kumunsi, kufupi ndi ngalande.

Amene simenti sangaikwanitse chaka chino asataye mtima. Miyala yaphanthiphanthi ya m'phiri kapena njerwa zootcha zotsala pomanga zimayalidwa mwa njira yomweyi, pa miyala ndi mchenga, motsetsereka chimodzimodzi. Ndipo ngati muli ndi thumba limodzi lokha, musayambire pakati pa bwalo pofuna kuti odutsa aone. Mapave 100 amakwana mzere wa masentimita 50 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali. Uyaleni m'tsinde mwa khoma, pamene madzi a padenga amagwera, mbali imene mvula imaomba kwambiri. Chaka chamawa mudzaonjezera mzere wina. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chachikulu n'chakuti ntchito ithe mwezi wa Okutobala usanathe, mvula yoyamba idzapeze ngalande yokumbakumba.